Kalavati ya a Mbewe

Tsiku limenelo ndinali kuyanika ufa pamphasa, kwathu tsidya la malire a Dedza. Ndinali ndisanathe msinkhu. Mfuti inalira cha kuphiri, nkhuku n'kuyamba ndizo kuthawa.

Mudzi wonse unathamangira kutchalitchi. N'kumene tinkathawira matalala, ndiye tinkati nazo zipolopolo zichita manyazi ndi nyumba ya Mulungu.

Asilikali a boma anafika ochepa, otopa. Mmodzi anali wowonda, pensulo ili kukhutu. Anzawo ankawatcha a Mbewe. Iwo sanayang'ane kumene kunkalira mfuti. Anayang'ana denga, kenako anagogoda khoma n'kutchera khutu, ngati mmene amayi ankayesera dzungu.

"Tulukani muno," anatero. "Makomawa anasiyana kale. Bomba likangogwa pafupi, denga likutsikirani."

Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo njerwa za tchalitchicho anaumba nawo. Anakana mwaulemu. Amayi anandigwira dzanja, mlongo wanga ali kumbuyo, n'kutsatira msilikali uja.

Anatilowetsa mu kalavati, pansi pa msewu. Munali matope ndi achule. Pamwamba pathu njerwa zinapindika ngati uta. Mayi wina anadandaula kuti tasiya kachisi n'kulowa m'dzenje la fisi.

"Njerwa zopindika chonchi zikapanikizidwa m'pamene zimagwirana," anatero a Mbewe.

Mabomba anayamba. Dothi linkatithothokera m'mutu. A Mbewe anagwira njerwa ndi chikhatho nthawi yonseyo, ngati akugwira mwana pamphumi. Ine ndinaiwala kulira, ndinkangoyang'ana dzanja lija. Munthu kumvana ndi khoma ndinali ndisanaonepo. Palibe njerwa inagwa.

Titatuluka, pamene panali tchalitchi panali fumbi.

A Mbewe anatiperekeza mpaka pomwe tinaona msewu wa tala ndi azimayi akugulitsa mbatatesi ngati palibe chachitika. Anatilozera ndi pensulo kuti uko ndi ku Malawi, n'kubwerera kunkhondo.

Ndinakwatiwa ku Lilongwe, ndipo ndakalambira ku Area 23 kuno. Dzina la a Mbewe ndinadzalimvanso pa wailesi. Nkhondo isanayambe anaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo itatha anasamukira kuno n'kutchuka nayo ntchitoyo. Zipatala, masukulu, maofesi a nsanjika, zinayambira pa pensulo yawo. Sindinakumane nawonso mpaka anamwalira.

Adzukulu anga, inu mumaseka kuti tikapita mtauni ndimaima pakhomo la nyumba ija yazipata zopindika n'kumasisita khoma. Sekani. Ine ndimachitabe mantha ndi ulemu ndikaima pamenepo, chifukwa uta umenewo ndimaudziwa.

Amayi anafika ku Malawi. Mlongo wanga, amene mumamutcha agogo a ku Chilinde, anafikanso. Bambo anatsala pakati pa njerwa zawo.