Patapata Yomaliza ya a Nadine

A Elwood Shifflett anagwira ntchito yoperekera makalata zaka makumi atatu ndi zinayi, koma m'tauni mwathu palibe amawakumbukira ndi makalata. Aliyense amawadziwa ngati mkulu uja woduladula mapatapata. Asodzi ena amagula siponji ya m'sitolo, yosalala bwino, n'kupangira nyambo zoyandama zokolera nsomba za msana wamkuwa mumtsinje wa Shenandoah. A Elwood ayi. Nyambo zawo zinkachokera kuphazi kwa akazi awo.

A Nadine ankakonda kuyenda m'madzi atavala mapatapata, ndipo nsapato zomanga zingwe zimene anthu anzeru amavala pamiyala yoterera ankazikana kwamtuwagalu. Chaka chilichonse madzi akafunda, mtsinje unkawavula patapata imodzi. Ankaima ndi mwendo umodzi kuiyang'ana ikupita, akuseka mpaka misozi, kenako n'kuvula yotsalayo n'kuponyera amuna awo.

"Nayo ya chaka chino, bambo. Musamanene kuti sindikuthandizani."

Nthawi zonse inkakhala yabuluu, mtundu wa tombolombo uja amatera pamadzi mu Ogasiti. A Elwood ankadula kachidutswa kongofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, n'kukakumba kumaso kuti kakakokedwa kazilira kuti phwa. Ankakang'amba kumimba ndi lezala, kukamata pambedza yokulungidwa ulusi, kulowetsa timiyendo tamphira ndi singano, n'kumanga tinthenga kumchira. Maso ankadontheza ndi utoto wa zikhadabo wa mayiwo. Pomaliza ankafinya kaminga ka mbedza ndi pulayasi, poti nsombazi timazibwezera m'madzi ndipo iwo sankafuna kuzing'amba milomo.

A Nadine anamwalira zaka zitatu zapitazo. Chaka chotsatira dzanja lamanja la a Elwood linayamba kunjenjemera, poyamba pongogwira kapu ya khofi, kenako paliponse. Patapata yomaliza ankaidula mwaumbombo, mwezi uno kachidutswa, mwezi wamawa kachidutswa, ndipo zingapo lezala inaziwononga. Chilimwe chino panali patangotsala chidendene, chokhala ndi kadzenje kamene phazi la mayiwo linasiya. Chinali chokwanira nyambo imodzi basi, ndipo a Elwood ankachita nacho mantha.

A Hollis, mlongo wawo wa malemuwo, anawapeza m'galaja m'mawa wa Lachinayi akuyang'anitsitsa chidendenecho patebulo.

"Alamu, mwakhala mukupenyetsetsana ndi kachidutswako kuyambira Lolemba. Mukudikira kuti kakupatseni moni?"

"Ndikuganiza."

"Kuganiza munayamba liti inu? Bweretsani ndikudulireni."

"Inuyo? Munthu wodula buledi ngati mukuwaza nkhuni?"

A Hollis anaseka, koma kenako anakhala pachidebe n'kutsitsa mawu. "Kunena zoona, kasiyeni. Mukaphonya kamodzi ndiye kuti kwatha. Mlongo wanga watsala pamenepo, alamu."

A Elwood ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Koma ankadziwanso kuti a Nadine ankadana ndi chinthu chongosungidwa. Mbale za paukwati wawo ankadyera tsiku lililonse mpaka zonse zinasweka. Kuika chidendene chawo m'kabati kukanakhala ngati kuwatsekera m'nyumba tsiku la dzuwa labwino.

Anamasula mbedza pachopanira chawo chachitsulo, n'kupana lezala m'malo mwake. Poti dzanja lakana kuyendetsa lezala, lezalayo iime, chidutswacho ndicho chiziyenda. Anachigwira ndi manja onse awiri, lamanzere likuletsa linzake, zigongono zili patebulo. Ntchito imene kale inkawatengera mphindi khumi inadya m'mawa wonse. A Hollis anawalowetsera ulusi pasingano osanena kanthu, chomwe kwa a Hollis ndi chozizwitsa. Nyambo inatuluka yopendekera, miyendo ya mbali imodzi yaitali, diso lina lalikulu kuposa linzake.

"Kakufanana ndi inu," anatero a Hollis. "Tsopano kaikeni m'kabokosi kagalasi, tizikaona."

"Kokani bwato, alamu," anatero a Elwood.

Madzi anali ochepa ndi oyera, nyenje zikulira m'mitengo. A Hollis anapalasa mpaka pamthunzi wa mtengo waukulu wopendamira mumtsinje, pomwe mwala wautali umadutsa pansi pa madzi. Njira yonse ankang'ung'udza za nthambi zimene zimadya nyambo. A Elwood anaponya kamodzi, nyambo inagwa kuti tapu pafupi ndi gombe.

Lamulo lawo, limene anaphunzitsa theka la tauni, linali lakuti nyambo ikagwa usaigwedeze mpaka timafunde tonse titatha. Nsomba yaikulu siithamangira chakudya, imayamba yabwera pansi pake n'kumayang'ana. Timafunde tinatha. A Elwood anayesetsa kugwira ndodo yowedzera osaigwedeza, koma dzanja linali ndi maganizo akeake. Kunjenjemera kuja kunatsika ndi chingwe, timiyendo tamphira n'kumagwedera pang'onopang'ono ngati kachilombo kamene katopa ndi kusambira.

Panalibe phokoso. Pamadzi panangoboola kadzenje, nyambo n'kusowa.

"Yadya! Kokani, mkulu inu, mwagona?"

Ndodo inapindika. Nsomba inadumpha yonse, yofiirira, yaitali ngati mkono, kabuluu kali pakona pa kamwa. Inadumphanso kachiwiri, kenako inalowa pansi kulunjika kumwala kuja. A Elwood anamva chingwe chikukhuzika, ndipo mwadzidzidzi ndodo inapepuka. Anakoka n'kupeza nsonga yoduka yokha.

Mtima unawapweteka kwambiri, kuposa momwe ankayembekezera. Anakhala pansi, chingwe chili m'manja. 

Sipanapite nthawi, kumunsi pang'ono nsomba ija inadumphanso n'kupukusa mutu. Mbedza yofinyidwa kaminga siikhalitsa pakamwa, ndipo patapata siimira. Kabuluu kaja kanatumphuka, kopendekera momwemo, n'kuyamba kutsetsereka ndi madzi.

"Ako! Ako apo!" A Hollis anagwira nkhafi ngati mnyamata. "Gwirani ukonde, tikapeze kasanafike pamathithi!"

A Elwood anaika dzanja lawo lonjenjemera pankhafi.

"Kasiyeni, alamu."

"Mwapenga? Ndi komaliza!"

"Patapata inzake inadutsa pompano zaka zinayi zapitazo. Zaka zonsezi mtsinjewu wakhala ukulandira imodziimodzi. Lero ulandireko zonse ziwiri."

A Hollis anatulutsa nkhafi m'madzi n'kuzigoneka m'bwato. Kabuluu kanazungulira mwala, kanaima pang'ono ngati kakudikira munthu, n'kulowa m'madzi othamanga. Akuluakulu awiriwo anakaperekeza ndi maso mpaka pokhota. Apo a Elwood anazindikira kuti akuseka, misozi ili mbwembwembwe, monga ankachitira mwini wake wa patapatayo.