Amayi Anga Amagona

Ndili Fomu 2 pasukulu ya papurazi, kunena kuti famu ya fodya, kufupi ndi Trelawney, ndinkadziona ngati katswiri wolemba. Ndikangokhala pansi, tsamba ladzaza. Zobwereza kuwerenga ndinkati n'za anthu a mitu youma.

Tsiku la makolo litayandikira, aphunzitsi athu, bambo wa Chishona wofatsa, anati aliyense alembe za munthu amene amamusirira, m'chilankhulo cha kwawo. Ine ndinasankha amayi, m'Chichewa. Bambo anga anali atamwalira kalekale, ndipo amayi ankatilera ndi ntchito yosankha fodya kushedi. Diso lawo linali lakuthwa: tsamba angoligwira, adziwa kale mulu wake.

Ndinalemba pa nthawi yopuma, chimanga chootcha chili kudzanja linalo. Aphunzitsi anayang'ana pepalalo, nati Chichewa sachidziwa bwino, choncho ndilisiye masiku awiri, ndiliwerengenso mokweza, kenako ndikawerengere munthu wamkulu kukomboni. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati, inuyo simuchidziwa, ndiye mukundiphunzitsa chiyani? Pepala ndinalipinda n'kuliponya m'chikwama.

Vuto lake nali. Ife obadwira kuno timasakaniza zilankhulo osadziwa n'komwe. M'Chishona, kugona ndi kukhoza chinthu, kuchichita mwaluso. Kusukulu tinkanena tsiku lililonse kuti uje amagona masamu, uje amagona mpira.

Tsiku la makolo lija komboni yonse inabwera. Amayi anakhala kutsogolo, atavala duku lawo lakutchalitchi. Ndinaimirira, chifuwa patsogolo, n'kuwerenga mokweza:

"Amayi anga amagona kwambiri. Amuna onse akushedi amadziwa kuti amagona. Ngakhale akapitawo akhoza kuchitira umboni."

Ana anzanga anawomba m'manja. Aphunzitsi anagwedeza mutu mokondwa. Koma kumene kunakhala akuluakulu, aja anachokera ku Malawi ndi ku Mozambiki, kunangoti zii. Mayi wina anagwira pakamwa. Bambo wina kumbuyo anaseka chiseko chonyansa, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Akapitawo anawerama ngati ataya ndalama pansi, akazi awo akuwayang'ana cham'mbali. Ine osamva kanthu, ndinapitiriza mpaka kumapeto, n'kuwerama monyadira.

Titafika kunyumba, amayi sanakalipe. Anavula duku, nalipinda bwinobwino, nandiuza kuti nditulutse pepala lija ndiwerengenso, pang'onopang'ono, ngati mmene agogo akanamvera.

Ndinayamba. Pa mzere wachiwiri mawu anandithera. Mayo ine! Ndinali nditaima pamaso pa komboni yonse n'kunena kuti mayi anga, mkazi wamasiye, amagona ndi amuna akushedi. Kuwerengera munthu wamkulu kamodzi kokha kukanandigwira khutu. Masiku awiri aja ndinali nawo, ndinangowadya.

Ndinalira, ndikuti ndilembanso, ndikonza liwulo, ndikawerenga kutchalitchi Lamlungu kuti onse amve chimene ndinkatanthauza. Lero ndimalemba chinthu kanayi, kasanu, n'kuchiwerengera munthu ndisanachitulutse, koma tsiku limenelo kukonza kunali kutachedwa.

Amayi anatenga pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali ngakhale sankadziwa kuwerenga.

"Mwanawe," anatero, "chimwalirire bambo ako, palibe munthu pakomboni pano anandilozapo chala. Mawa ndikalowa bwanji kushedi?"