Chiphe m'thumba mwa Gashaw

Wonena kuti Gashaw ndi wamantha abwere adzanenere pamaso pa anthu amene adakula naye ku Menz, aone chomwe chidzamuchitikire! Munthu ameneyu watha zaka khumi ndi ziwiri pamwamba pa phiri, m'chisanu chong'amba milomo, akulondera udzu wofolera nyumba wa mudzi wonse pamodzi ndi nkhandwe zofiira zokhala mmenemo. Adalumbira atagwira mtanda wa wansembe, anthu akuona, kuti chikwakwa sichidzalowa nyengo isanakwane, ndiponso kuti nkhandwe sadzapha.

Tsoka lidabwera ndi nkhuku. Apongozi ake, a Demisse, adapeza zisanu ndi imodzi zitafa m'khola, ndipo Lamlungu adalengeza pakhomo pa tchalitchi kuti nkhandwe za mkamwini wawo zawasaukitsa. Tsiku lomwelo adakatenga mwana wawo Askale, mkazi wa Gashaw.

Gashaw adapita kukaona kholalo. Kabowo kunsi kwa mwala, koti ndi chibakera chomwe sichingalowe. Nkhuku zolumidwa kumbuyo kwa khosi, zosadyedwa. Nanga fungo lake, mayo!

"Bambo, uyu ndi kanyimbi," adatero kwa a Demisse. "Nkhandwe ndi miyendo yake yaitali ija ingalowe apa? Iyo imasaka mbewa masana, aliyense akuiona. Wopha zambiri n'kusiya fungo ndi kanyimbi."

"Wayamba kundiphunzitsa nyama, iwe m'busa wa udzu?"

Gashaw adatchera mtanga pakabowo paja, ndipo tsiku lachitatu kanyimbi adakodwa. Pomunyamula, kachilomboko kadamuthira madzi ake onunkha thupi lonse. Adadutsa nako m'mudzi kukaonetsa apongozi ake, anthu akupatuka ngati kukubwera maliro a mliri.

"Kameneka?" adaseka a Demisse, atatseka mphuno ndi chofunda chawo choyera. "Kamizeremizere aka kandithere nkhuku zisanu ndi imodzi? Ndidanena pa tchalitchi kuti ndi nkhandwe. Ukufuna ndikameze mawu anga, imvi zonsezi?"

Mkulu akalankhula pakhomo pa tchalitchi sabweza, ngakhale choona chikununkha pamphuno pake. A Demisse adamupatsa Gashaw kapepala ka chiphe.

"Ubwere ndi mchira wofiira, udzatenge mkazi wako."

Askale adasuzumira pamwamba pa mpanda wamiyala. "Kasambeni kaye, abambo, ndi bulu yemwe akukuthawani!" Ankaseka, koma misozi ili lengelenge m'maso.

Papita miyezi isanu ndi itatu. Kapepala kaja kadakali m'thumba la jekete lake. Akakataya, a Demisse adzati wataya mkazi. Akakathira pa nyama, walavulira mtanda. Lamlungu lililonse Askale amamupatsira injera, buledi wopyapyala wa kwawoko, pamwamba pa mpanda, bambo ake akuyang'ana kumbali. Gashaw amakadyera kuphiri, nkhandwe zikukumba mbewa chapafupi, zosadziwa kanthu.

Kanyimbi uja Gashaw adamumasula tsiku lomwe adamugwiralo. Akuti mwa okodwa awiriwo, iye ndi kanyimbi, bola mmodzi atuluke.