Dothi la Ababa pa Chithunzi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu kalasi yachisanu ndi chimodzi m'tauni ya Furancungo, ku Mozambique. Aphunzitsi athu, amene tinkawatchula kuti apulofesola, anabwera ndi zithunzi ziwiri zojambulidwa ndi setilaiti, kumwamba kwenikweni. Zinkaonetsa malo amene mtsinje wa Zambezi umagawikana timitsinje tambiri usanathire m'nyanja yamchere. Pa chithunzi chakale minda ya mpunga inali yobiriwira, yolumikizana ngati zigamba za chitenje. Pa chatsopano minda ina inali itayera mbuu, ndipo madzi anali ofiira mpaka kutali m'nyanja.

"Kufiira uku ndi dothi lochokera kumapiri ngati kwathu kuno," iwo anatero. "Anthu akadula mitengo, mvula imalikokolola."

Ine ndinaganiza za ababa. Chaka chilichonse ankagwetsa mitengo yomangira zigafa za fodya kumunda kwathu ku Chidzolomondo. Loweruka nditafika kumudzi ndinawapeza akusankha fodya ndi anzawo awiri, manja ali bii ndi utomoni. Ngakhale moni sindinapereke.

"Ababa, inu ndi amene mukupha minda ya anthu kunyanja. Ndaona ndekha pa chithunzi."

Anzawo aja anaweramitsa mitu. Ndinkayembekezera mbama, koma ababa anangopitiriza kusankha.

M'mawa mwake ananditengera kumunsi kwa munda, kumene sankatilola kupita. Kunali chigwembe chozama kuposa msinkhu wawo, ndipo mizu ya chimanga inkalendewera m'mbali mwake.

"Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, pano ndinkakolola ngolo zitatu za chimanga," anatero motsitsa mawu. "Dothi waliona lija ndi langa. Ukuyesa sindinalione likupita? Koma ndikasiya fodya, iwe usiya sukulu."

Kenako anandifunsa ngati iwo anaonekapo pa chithunzipo. Ndinati ayi, anthu saoneka. Anagwedeza mutu n'kuyamba kukwera mtunda.

Ababa anamwalira dzinja lotsatira, atadwala chifuwa milungu itatu. Ndinali kusukulu, ndipo ndinali ndisanawapepese.

Apulofesola sananame, ndipo mitengo ndabzala yambiri m'mbali mwa chigwembe chija. Koma lero ndikudziwa kuti ababa ankauona munda wawo ukutha chaka ndi chaka, n'kumaulimabe kuti ine ndiphunzire. Ndipo chinthu choyamba chimene ndinabwera nacho kuchokera kusukuluko chinali kuwanyoza pamaso pa anzawo.