Bafa la Apongozi a Majidu

Kuchokera ku Gweru mpaka ku Kwekwe, ukafunsa munthu wodziwa mapaipi akulozera kwa Majidu, koma akuchenjezanso kuti bamboyo ali ndi khalidwe limodzi lotopetsa: sakhulupirira tepi yoyezera. Iye amayeza munthu. Ukamuitana kuti akuikire shawa amakuimika pakhoma ngati wagwidwa ndi apolisi, nkumakuuza kuti kweza mkono, werama, chita ngati ukutsuka phazi. Abusa ena a ku Munyati anawagoneka m'beseni lalikulu losambiramo ali ndi jekete ndi tayi, akazi awo akuonerera pakhomo, kuti aone ngati mawondo akwanamo.

Khalidweli analitenga pansi pa nthaka. Majidu anabadwira mu komboni ya mgodi ku Connemara, kumene bambo ake, a Nasiru, anafika kuchokera ku Mangochi ndi kasutikesi ka malata. Atakula analowa mumgodi momwemo, kugwira mapaipi opopa madzi, ndipo mgodi utatseka anatuluka ndi sipanala imodzi ndi chiphunzitso chimodzi: chotsekera madzi chimene dzanja silingachifikire nchimodzimodzi kuti palibe. Ndi munthu wamfupi, wa dazi lobisika m'kofia, pensulo ili kukhutu. Makasitomala amawalankhula Chishona, kunyumba ndi kumzikiti Chichewa, ndipo nati ya paipi ikakana kumasuka amaitukwana m'Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi cha bambo ake.

Ntchito imene inamuyeretsa ndevu inali ya apongozi ake, mayi Hajira, a ku Mtapa, komboni ya ku Gweru. Mayiwa amakhala okha m'nyumba imene amuna awo, ogwira ntchito kunjanji, anawasiyira. Tsiku lina anaterereka m'bafa la panja nathyoka kachala kakang'ono ka kudzanja lamanja, kamene kanapola chokhota. Mwana wawo Ismail, wa ku Joni, atamva anagamula pafoni pomwepo kuti amayi alongedze katundu. Mayi Hajira anakana. Manda a amuna awo ali ku Gweru, anzawo a kumzikiti ali ku Gweru, ngakhale mtengo wa gwafa umene amalimbirana ndi ana a mumsewu uli ku Gweru. Ku Joni akakhala pamwamba pa nyumba yosanja, kuyang'ana magalimoto pawindo ngati mphaka. Pomaliza anagwirizana chonchi: bafa limangidwe m'nyumba, ndipo Ismail akabwera pa Idi nkupeza amayi akusamba okha popanda wowagwira, awasiya. Zikapanda kutero, sutikesi.

Ismail anatumiza katundu palole: shawa yonyezimira, kabati ya galasi, ndi chibeseni choyera chosambiramo chogona, chimene anthu a mumsewu atachiona chikutsitsidwa anachitcha bwato. Mmisiri anali kale pabanja, ndiye panalibe zofunsana.

Apa ndi pamene Majidu anakanda dazi. Chikwatirireni Saida, anali asanawayang'anepo apongozi ake kumaso. Ankawadziwa mawu ndi mapatapata. Moni ankapereka atanjuta kuseri kwa chitseko, iwo nkuyankha atayang'ana kukhoma. Tsono munthu wotere ungamuimike pakhoma nkumuuza kuti kwezani mkono? Liwu loti kusamba lenilenilo silikanatuluka m'kamwa mwake apongozi ali pafupi.

Anayamba ndi mkazi wake. Saida amagulitsa kaunjika ku Kwekwe, ndipo ku Mtapa ankapezeka Lamlungu lokha. Majidu anamutuma kuchipinda ndi mafunso, iye nkudikira panja. Saida anabwerako msanga.

"Akuti chilichonse chimene mungachite nchabwino."

"Ndinati ufunse kuti mwendo amakweza mpaka pati."

"Bambo a Nuru, zimenezo ndingawafunse amayi anga ondibereka?"

"Chabwino. Msinkhu wawo ndi wotani?"

"Ndi aafupi."

"Aafupi bwanji?"

"Ngati ine, koma osafika."

Majidu anayang'ana pensulo yake, naibwezera kukhutu.

Nkhaniyi inamveka kuseri kwa mpanda, kumene kumakhala Noria, mayi wa ku tchalitchi amene makolo ake anachokera ku Tete. Noria ndi munthu wamtima wabwino, wa makutu abwinonso, ndipo kutalika kwake amathyola magwafa a mayi Hajira osanyanyamphira. Anabwera akupukuta manja pachitenje, namuitana mukwasha, ndiko kuti mkamwini m'Chishona.

"Mukuvutikiranji, mukwasha? Yezani ine. Ine ndi gogo ndife munthu mmodzi."

"Mai Munashe, inu ndi gogo mukusiyana ngati mlongoti ndi chitsa."

"Ndipinda mawondo. Ndimawadziwa mayendedwe awo."

Popeza Idi inali kuyandikira, Majidu analola. Noria anapinda mawondo, nakhotetsa msana, nayamba kubuula ngati gogo, mpaka kutsokomola kwawo komwe. Vuto linali lakuti akayamba kukamba za mwana wa uje amene wabwera ndi galimoto yosadziwika mwini wake, ankaiwala nkuwongoka pang'onopang'ono. Majidu ankalemba chizindikiro pakhoma nkhani ili pakati. M'bwato namo anagonamo, naitana anzake awiri kuti adzamuone.

Kabati inakhomedwa. M'mawa mwake Majidu ali m'bafa kumanga paipi, anamva apongozi akhala pakhonde pafupi ndi windo, akusankha mpunga. Pambali pawo panali nkhuku yawo yofiira, yodikira zotaya.

"Iwe nkhuku," anatero mayi Hajira mokweza, "kodi m'nyumba muno mukubwera kudzakhala nyamalikiti? Ine ndayang'ana pagalasi paja, ndangoona nsonga ya mpango wanga."

Majidu anaima. Anayang'ana sipanala imene inali m'dzanja lake, nakonza kukhosi.

"Sipanala iwe, ukanakhala ndi pakamwa ukanafunsa kuti titsitse mpaka pati."

"Nkhuku iwe, munthu wamaso amaona yekha."

"Sipanala, maso ena saloledwa kuona."

Zikanayenda bwino ndithu, koma nkhukuyo inaona chiwala nkuthamangira kuseri kwa nyumba. Mayi Hajira anabwerera ku mpunga wawo. Kulankhula popanda nkhuku kukanakhala kulankhula ndi mkamwini. Majidu anadikira, nadikira, kenako anatsitsa kabati mongoganizira. Tsiku lotsatira nkhuku inauzidwa kuti tsopano galasi likuonetsa pamimba. Anaikwezanso. Khomalo linadzaza mabowo ngati sefa, ndipo Majidu anayamba kubwera ndi chimanga m'thumba kuti nkhoswe yakeyo isamachoke pakhonde.

Za bwato anali atazikayikira chitsitsireni palole. M'mbali mwake munali motalika, pansi poterera. Ismail ataimba foni ya kanema kuti aone ntchito, Majidu anayesa kumuuza.

"Alamu, bwatoli ndikuliona ngati silikhala bwino."

"Lasweka, tsano?" anafunsa Ismail, kubweza ulamuwo m'Chishona.

"Ayi, ndi lamphumphu."

"Nanga vuto lili pati? Kuno aliyense ali nalo."

Majidu anafuna kunena kuti miyendo ya amayi anu siingadumphe mpanda wotere, koma amayiwo anali pakhonde, ndipo miyendo ya apongozi sitchulidwa.

"Ndi lalitali m'mbali," anatero.

"Ndiye labwino limenelo, madzi satayika. Ikani, tsano, musandichititse manyazi."

Analiika pamalo pake, asanalumikize mapaipi, napita kukagula simenti m'tauni. Mayi Hajira, poona kuti m'nyumba mulibe mwamuna, anati aliyese okha. Kulowa analowa, atavala zovala zawo zonse. Kutuluka kunakanika. Anagwira m'mbali, dzanja nkuterereka. Anayesa chogwada, bondo nkukana. Anakhala m'menemo mpaka dzuwa kupendeka, osafuna kukuwa, kufikira Noria atabwera kudzabwereka mchere nawanyamula ngati mwana.

Majidu anazimvera pa siteji ya makombi, kwa mayi wogulitsa tomato. Anafika kunyumba thumba la simenti lili paphewa. Pakhonde panalibe munthu. Nkhuku inali yokha, ndipo tsiku limenelo sinauzidwe kanthu. Kuchipinda kunkamveka kukoka kwa sutikesi pansi pa bedi.

Sanafunse aliyense. Anaitana amuna a Noria, nalikoka bwatolo mpaka pansi pa gwafa. Kenako anagumula khoma la mabowo lija, nayamba mwatsopano: shawa yopanda chodumpha, benchi la simenti lokhalapo, zitsulo zogwirira, ndi kampopi kotsika kotsukira mapazi asanaswali. Zonsezi ankazidziwa. Chimene sankadziwa ndi chomwe chija: pati? Chitsulo chogwirira chikakhala patali ndi dzanja, munthu amagwa akuchiyang'ana.

Lachisanu anapaka pulasitala khoma lonse, naisalaza mpaka kuoneka ngati mbale. Majidu amanyadira pulasitala yake kuposa ana ake, amatero Saida. Anasamba m'manja, nasintha malaya, napita kumzikiti kukaswali Juma.

Pobwerako anapeza khoma lake lili manja okhaokha.

Zimene ananena m'Chilapalapa sitingazilembe. Anatuluka mpaka kumpanda.

"Mai Munashe, pulasitala yanga yakulakwirani chiyani?"

"Ine? Ndinali kumsika, funsani aliyense."

"Nanga manja ali pakhomawa ndi a mzukwa?"

Noria anabwera kudzaona, chifukwa nkhani yotere sangaimvere kuseri kwa mpanda. Anatambasula dzanja lake pafupi ndi chidindo chimodzi. Lake linali ngati fosholo. La pakhoma linali laling'ono. Majidu anawerama. Kachala kakumapeto kanali kokhota.

Anabwerera m'mbuyo nayang'ana khoma lonse. Dzanja limodzi linali pafupi ndi chitseko, pamene munthu amagwira polowa. Lina linali pambali pa chidebe chimene wina anachivundikira pakona nkukhalapo, ndipo fumbi la simenti linali litapukutika pamwamba pake. Lina linali m'munsi, pamene dzanja la munthu wokhala pansi limafika akawerama. Lomaliza linali m'mwamba, zala zitatambasuka mpaka pothera mphamvu.

"Ayi ndithu, gogo awononga," anatero Noria. "Ndikawauze?"

"Musawauze kanthu. Ndibwerekeni tepi ya amuna anu."

Anthu a ku Mtapa amati limenelo ndi tsiku lokhalo limene Majidu anaonedwa ndi tepi. Dzanja la apongozi sakanaligwira, ngakhale la pasimenti. Anayeza chapatali, akung'ung'udza kuti pulasitala yabwino chonchi ayambirenso, nalemba manambala pachitseko. Pakhonde mpunga unali kusankhidwanso, ndipo panalibe amene anatchula za khoma, kwa nkhuku kapena kwa sipanala.

Ismail anafika Idi itatsala pang'ono, ndi sutikesi yatsopano ya matayala. Choyamba kuona chinali bwato lake pansi pa gwafa, mabulangete a Noria atanyikidwamo.

"Tsano, ichi nchiyani?"

"Likugwira ntchito, alamu. Msewu wonse ukuliyamikira."

Ismail anayamba kulankhula Chingerezi, chimene kwa iye ndi chizindikiro choti wakwiya. Za amayi ake kukanirira m'bwato anali atazimva kale, poti nkhani ya ku Mtapa imafika ku Joni basi isanafike. Ali mkati molankhula, mayi Hajira anadutsa ndi thaulo paphewa, osayang'ana munthu. Majidu anatembenukira kumpanda monga mwa nthawi zonse. Chitseko cha bafa chinatsekedwa, loko nkulira.

Saida anafuna kukaima pakhomo, koma mawu anatuluka m'katimo akuti aliyense akhale pamene ali. Madzi anayamba kuwaza. Ismail anasiya Chingerezi. Majidu anatola sipanala nayamba kuipukuta ndi malaya, ngakhale inali yoyera, makutu ali kukhoma. Anamva madzi akutsekedwa, kampopi kam'munsi kakutsegulidwa, kenako kachitseko ka kabati. Sipanamveke kugwa kwa chinthu, ngakhale sopo.

Mayi Hajira anatuluka atavala zoyera, mpango utamangidwa mowongoka ngati wa munthu amene wadziona pagalasi. Anakhala pakhonde, nawaza timpunga pansi. Nkhuku inabwera.

"Iwe nkhuku, uwauze a ku Joni kuti sutikesi yawo ndi yokongola, abwerere nayo. Amisiriwo uwauze kuti mpopi wa kumanzere ukudontha."

Majidu anatseka maso pang'ono. Mpopi umenewo anali ataumanga kawiri.

"Sipanala, wamva. Tiye."

Akulowa m'nyumba anamva Saida akuuza Noria kuti amuthandize kugwira nkhuku, mlendo wa ku Joni sangadye masamba. Majidu anatulutsa mutu pawindo la bafa.

"Yofiirayo ayi. Gwirani ina."