Tsaya la alamu litakana kufufuma

Lachiwiri ndinaperekeza alamu anga, a Chisale, kuchipatala kukamva zotsatira za sikani, zithunzi za m'kati mwa thupi. Chingerezi cha madokotala chimawathawa, ndiye ine ndinali womasulira. Koma nkhaniyi inayambira kwa wometa, miyezi iwiri yapitayo.

A Kamwendo, a kwathu ku Dedza, ali ndi kashopu kometera ku Mayfair, kuno ku Joni. Pometa ndevu amakuuza kuti ufufumitse masaya kuti lezala liyende bwino. Alamu atafufumitsa, tsaya lakumanzere linakana, mpweya n'kumangothawira pambali pa mlomo. A Kamwendo anapapasa kunsi kwa khutu, napeza kachotupa kolimba ngati mtedza.

"Achimwene, ichi chinayamba liti?"

"Aaa, ndi dzino limenelo, komanso kuzizira kwa Joni. Tametani, ndikuchedwa ku pisijobu, kaganyu kanga kaja."

"Hayi, sindimaliza. Pitani kukiliniki ndi ndevu zatheka zomwezo. Akakuonani, ndidzamaliza."

Alamu anakalipa, koma anapita. Kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, kumene anawajambula m'makina n'kutenga kanyama kokayeza.

Lachiwiri lija, dokotala wawo, mayi wofatsa, anationetsa mutu wa alamu pakompyuta, chithunzi ndi chithunzi. Anati ndi khansa yosowa, ya m'chiwalo chopanga malovu. Ilibe phokoso. Imakwawa mwakachetechete motsata mtsempha woyendetsa nkhope, ngati chiswe mumtanda wa denga, kulowera kumutu. Nthawi zina imadumphira kumapapo. Dzanja limangomva chotupa, koma njira imene yadutsa imaoneka pa MRI, makina ojambula aja. Anajambulanso chifuwa kuti aone mapapo.

Alamu anandigwira bondo. "Tawafunseni, yalowa m'mutu?"

Ndinafunsa. Dokotala analoza kamzere koyera pachithunzipo, nasonyeza pamene kathera. Sinafike. Mapapo ali bwino. Opaleshoni itheka, ngakhale mlomo mwina ukhalabe wopotoka.

Ndikuuzeni zoona, ndinanyadira mpaka misozi. Makinawo ndi odabwitsa, inde, koma makina sayenda m'misewu kufunafuna odwala. Amene anakankhira alamu m'menemo ndi Mmalawi wa lezala m'manja, mmodzi wa ife amene kuno amationa ngati manja ogwira ntchito basi. Analolera kukwiyitsa kasitomala wake wakalekale.

Nanga enafe timatani? Mawu akasasa miyezi itatu timati ndi chimfine. Mphuno imodzi ikatsekeka n'kumatuluka magazi timanamizira fumbi la m'makomboni a ku Zandspruit. Chotupa timachiphimba ndi sikafu, n'kumameza mapilisi a patakishopu. Ena amaopa kufunsidwa mapepala, ndipo mantha amenewo sindikuwaseka. Zotupa zambiri si khansa, n'zoona. Koma ndani anakupatsani maso oona mkati mwa khosi?

Choipa kwambiri n'chakuti anzathu timaona, koma timakhala chete, ati ulemu. Ine ndemwe ndinkadya ndi alamu Lamlungu lililonse, ndinaona mlomo wawo ukupendekeka, sindinanene kanthu.

Inu oluka tsitsi, inu ometa, inu ogona pilo imodzi ndi munthu: mwaona chiyani pakhosi pa mnzanu chomwe mpaka lero mukuchichitira ulemu?