Tsiku limene ndinakhala Mghana

Cholakwa changa chinali kuyankha moni. Tinali pamwamba pa phiri ku Austria ndi azungu a kutchalitchi kwathu ku Edmonton, dera la mu London, ine ndikumwa mkaka pa kanyumba ka oweta ng'ombe, pamene mnyamata wina wa kamera m'khosi anandiyandikira.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu," pakamwa panga panatero mutu usanavomereze.

Zaka zimenezo, ife othawa kwathu tinkadziwa kuti Mmalawi wokusekerera kuchilendo akhoza kukhala khutu la boma, ndipo amake ana anali ndi abale ku Ntcheu. Komanso ine mabuku a akazitape a ku laibulale ndinali nditawamaliza shelefu yonse. Ndiye ndinatsokomola, n'kumuuza m'Chingerezi kuti ndine wa ku Ghana.

Mnyamatayo atakwera kangolo ka pachingwe kotsitsa anthu, anandisungira malo. Ndinanama kuti ndimakonda kuyenda wapansi. Ndinatsika phiri lonselo mvula ili pamsana, nsapato za kutchalitchi zikuterereka, ndikucheukacheuka. Amene ankanditsatira inali ng'ombe ya belu m'khosi. Bondo linatupa ngati dzungu.

Nditabwerera ku London, ndinafotokozera Mayi Nachisale a khomo loyandikana nafe, monong'ona, momwe ndinapulumukira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"A Phiri, ameneyo ndi mwana wa achemwali anga, amaphunzira ku Jeremani. Ndinamutuma ndine kuti akakuoneni, poti munalibe wolankhula naye Chichewa. Anakwera sitima kudzangokupatsani moni."